Ukatsike pa Jumbe, Mailesi

Mailesi mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano a Sabata ndili pakhonde, iwe uli kwa anzako kokameta tsitsi monga anakulamulirani akusukulu ya usikauti woteteza nyama zakutchire. Ukabwera ndikuseka ndithu, usadandaule, mutu wako ndi wa kwathu, wautali kumbuyo. Ndasankha pepala chifukwa ine ndi iwe tikayamba kukambirana sitifika patali. Ine ndimakweza mawu, iwe umagwera pafoni, amayi ako n'kunyamuka kupita kukathirira mbewu zimene athirira kale. Uwerenge usanakwere minibasi mawa m'mawa, osati ukafika ku Chipata, chifukwa pali chinthu ndikufuna uchite panjira.

Nkhani ukuidziwa. Amalume ako a Lazaro aku Jumbe anauza amayi ako kuti tsiku limene udzavale yunifolomu ya anthu a zanyama, pakhomo pawo usadzapondepo. Unamva wekha, foni inali pasipika. Unangoti ndi maganizo awo, koma ndinakuona utakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka nkhuku kulowa. Kwathu kuno malume si munthu wongokamuona pa Khrisimasi. Ndiye mwini mbumba. Za ukwati wako adzayankhula ndi iwo, ukadzadwala kwambiri adzafunsidwa ndi iwo, ine ndidzangokhala pambali. Kuwonjezera apo umawakonda, tchuthi chilichonse unkalirira kupita kwawo ndi amayi ako, ndipo njinga anakuphunzitsa ndi iwo. Ndiye usandinamize kuti zilibe kanthu. Mawu aja sanachokere pa iwe ayi. Anachokera pa ine, ndipo lero ndikuuza mmene zinakhalira.

Za ntchito imene wasankha sindikutsutsa. Amayi ako ankafuna uphunzitsi, ndipo malo unawapeza kukoleji ku Chipata. Azakhali ako anakupezera mpando wolandirira alendo paloji ina kufupi ndi bwalo la ndege, pamthunzi, pali fani ndi tiyi wa 10 koloko. Iwe wasankha kuyenda m'tchire masiku khumi katundu ali kumsana, mu Okutobala wa kuno, kashembe akukuluma m'khosi. Nzeru zako ndi zako. Ine ntchito imeneyi sindinaisankhe, anangondilemba chifukwa ndinkadziwa kuwerenga ndipo ndinali ndi miyendo, n'kuigwira mpaka bondo linakana. Iwe waifuna kuyambira uli mu giredi 3, pamene unkandivutitsa kuti ndikujambulire pansi kusiyana kwa phazi la fisi ndi la nyalugwe. Pita, ukaigwire. Changa n'chakuti usakalakwe m'malo amene ndinalakwa ine.

Nditangomaliza maphunziro, ndisanakwatire, ndinafika kumudzi nditavala zonse: chipewa, lamba, jombo zopukutidwa mpaka kuoneramo nkhope. Ndinapeza agogo ako, amayi anga, akupeta mpunga. Ndinawapatsa moni nditaimirira, manja kumbuyo, m'Chingerezi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi kufika kumutu n'kupitiriza kupeta. Ndinaima pamenepo thukuta likutsikira m'jombo. Kenako anaitana mlongo wanga. "Patsani mpando abwanawa, kapena abwera kulemba mbuzi. Yotamu akafika muniuze, mbatata yake ili paphulusa." Masiku atatu ankanditchula abwana, ngakhale pondituma kukatema nkhuni. Zinatha nditatuluka m'nyumba ndi kabudula wanga wakale, n'kunjuta pansi, n'kuwapatsa moni m'Chikunda. Anati, "Aa, wafika liti?"

Kusukuluko adzakuchotsa dzina. Adzakuitana Sakala, mwinanso nambala chabe. Adzakuphunzitsa kuyankha mokuwa ndi kumvera usanafunse chifukwa. Uphunzire zonsezo ndi mtima wonse, chifukwa tsiku lina njati idzatuluka m'bango ndipo wokupulumutsa adzakhala mawu amodzi okuwa amene wamvera msanga. Koma ukabwera patchuthi, zimenezo uzisiye pamsewu. Amayi ako sadzakuseka ngati mmene anachitira agogo ako. Adzangokhala chete, ndipo chete wa amayi ako umamudziwa.

Nditagwira ntchito zaka zitatu ndinalakwira mbali ina. Tili paulendo wolondera kufupi ndi mtsinje, ndinapatuka pang'ono n'kupeza msuweni wanga Dikisoni atanjuta akutchera waya. Tinakulira nyumba imodzi, mphasa imodzi. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana, ndipo ndinamukodola kuti athawe. Ndinabwerera kwa anzanga n'kunena kuti kulibe kanthu. Usiku umenewo ndinagona bwino, ndikudziona ngati munthu wodziwa chibale. Patapita sabata ndinapeza mwendo wa nswala pakhomo utakulungidwa m'masamba a nthochi. Ndikanaubweza, koma tinadya. Kuyambira pamenepo Dikisoni ankabwera ngati wodzacheza n'kumafunsa, "Nanga sabata ino muyenda mbali iti, asuweni?" Sindinkamuuza, koma sindinkamuthamangitsanso, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti Yotamu anadya.

Mapeto ake tinapeza mwana wa njovu waya utamudula chitamba pafupifupi kuduka, m'dera lomwelija la Dikisoni. Ankayesa kumwa madzi akugwada, amake ataima pambali. Sindinganene kuti waya unali wake, koma sindinganenenso kuti sunali wake. Anzanga anali atamva za mwendo uja. Sanandinenere kwa akuluakulu. Anangoyamba kukambirana njira ya ulendo ine nditapita kukatunga madzi. Miyezi yambiri ndinkayenda nawo osadziwa kumene tikupita, ngati katundu. Ndinachita manyazi kwambiri, Mailesi, kuposa amene ndikanachita akanandichotsa ntchito.

Iwenso abale adzabwera. Ena adzabwera ndi nyama, ena ndi misozi. Uwauze poyera tsopano, usanavale n'komwe, kuti ukadzawapeza ndi waya udzawagwira, ndipo ukadzawagwira udzawabweretsera chakudya kupolisi ndi manja ako. Adzakwiya mwezi umodzi. Munthu amapirira m'bale amene akudziwa pamene waima. Amene amavuta ndi uja wolola lero n'kukana mawa. Ndipo nyama imene sunaone kumene yachokera usadye, ngakhale ataphika ndi azakhali ako.

Za Dikisoni zitachitika ndinalumbira kuti palibe adzanenenso kuti Yotamu amakondera abale. Ndinauma. Ndinayamba kukonda malamulo ndi mafomu kuposa aliyense pakampu, ndipo akuluakulu anandikweza. Apa ndi pamene pakulowa amalume ako, ndiye werenga pang'onopang'ono.

Nthawi imeneyo a Lazaro ankakhala kuno, kufupi ndi mtsinje wa Lupande, ndi akazi awo a Belita. Iwe sungawakumbuke, unali wa miyezi isanu ndi itatu. Inali nyengo ya mango. A Belita analawira kukatola mango ogwa usiku kuti akagulitse pamsewu, n'kukumana ndi njovu ya mwana pansi pa mtengo. Anafera pomwepo. Uthenga unafika pakampu pawailesi, dzina la mudzi ndi dzina la womwalira, ndipo wamkulu tsiku limenelo ndinali ine. Ndinamva dzinalo bwinobwino. Ndinatenga fomu, tepi yoyezera ndi anzanga atatu, mfuti m'manja, n'kukwera galimoto.

Titafika, amayi ankalira m'nyumba, amayi ako ali pakati pawo iwe uli kumsana. Amuna anali atakhala pansi pabwalo. Ine ndinawadutsa osavula chipewa n'kupita kumtengo kuja kukayeza mapazi a njovu, chifukwa mapazi amafufutika anthu akapondapo. Nditamaliza ndinabwera kwa a Lazaro. Iwo ali pansi, ine nditaima, fomu ili pathabwa.

"Dzina lanu lonse?"

Anakweza maso. "Alamu, dzina langa mwaliiwala?"

"Ni lamulo. Yankhani."

Anaweramitsanso mutu. Ndinapitirira ku funso lotsatira, ubale wawo ndi malemu. Kenako nthawi imene malemu anatuluka m'nyumba, ndi chimene ankachita kumtengo nthawi imeneyo. Fomuyo inali ndi funso lina m'munsi, ndipo ndinaliwerenga mokweza monga linalembedwera, pamaso pa amuna onse a m'mudzi.

"Kodi malemu anali atamwa mowa?"

A Belita anali mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Ngakhale thobwa likasasa pang'ono ankalitaya. Ndiwo anapita ndi amayi ako kuchipatala tsiku lobadwa iwe, n'kugona pansi pasimenti masiku awiri. Zonsezi ndinkazidziwa. A Lazaro anaimirira, anatenga cholembera m'dzanja langa, n'kulemba dzina lawo okha pafomupo, zilembo zikuluzikulu. Anandibwezera n'kunena motsitsa, "Mwatsiriza, bwana? Pitani. Pano tili na maliro a pabanja."

Ndipo ndinapita. Lipoti linkafunika kuofesi isanakwane 14, ndiye kuti 2 koloko masana. Mawa lake ndinabwera kumanda nditavala zakunyumba. Ukudziwa mmene amuna amalandizirana fosholo pokwirira, wina akaponya dothi pang'ono n'kupatsa mnzake. Fosholo inayenda mzere wonse, inafika kwa munthu wa kumanja kwanga, n'kudumphira kwa wa kumanzere. Palibe anandinyoza. Miyezi ingapo itapita a Lazaro anasiya munda ndi dimba n'kusamukira ku Jumbe. Kuyambira pamenepo amayi ako amapitako popanda ine, ndipo n'chifukwa chake sunandionepo ine ndi amalume ako titakhala pamodzi. Tinkakuuza kuti ndili ndi ntchito yambiri. Linali bodza.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti sindinalakwe. Fomu sindinaipange ine. Mapazi amafufutikadi. Lipoti likachedwa, chilolezo chothamangitsa njovu yovuta chimachedwanso, ndipo ingathe kupha wina. Zonsezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake zinanditsekera pakamwa nthawi yaitali chonchi.

Amene anandionetsa kupusa kwanga anali munthu wobwera. Anatitumizira mkulu wina wochokera kumpoto, a Mulenga, Chinyanja chawo chothyokathyoka, Chikunda osadziwa ngakhale moni. Ng'ona itagwira msodzi wina, ndinapita nawo. Anaimitsa galimoto patali ndi mudzi. Anauza mmodzi kuti atsale ndi mfuti zonse, wina anamutuma mwakachetechete kukaona kumtsinje. Iwo anavula chipewa n'kukakhala pansi pakati pa amuna. Ola lathunthu osatulutsa pepala. Atanyamuka amuna kupita kukakumba manda, anapempha khasu. Madzulo, m'bale wa malemu anabwera yekha kugalimoto n'kunena zonse, zina zimene fomu sinafunse n'komwe. Funso la mowa a Mulenga anakafunsa mnzake wa malemu kumbali, awiriwiri. Fomu yawo inadzaza mizere yonse monga inadzazira yanga. Pobwerera ndinawafunsa ngati saopa kuchedwetsa lipoti. Anati, "Ba Sakala, ofesi ingayembekeze awala imodzi. Aba bantu tizakumana nabo futi mailo." Ankatanthauza kuti anthuwo tidzaonana nawonso mawa. Njira yonse mpaka pakampu ndinkaganiza za fosholo ija. Munthu wachilendo anadziwa kukhala pamaliro a kwathu kuposa ine mwana wa pompano.

Ndiye tamvera. Ntchito imeneyi idzakuuza kuti anthu a kumudzi ndi vuto la nyama. Kumudzi adzakuuza kuti wasanduka m'bale wa njovu, ndipo ukadzadutsa pamsika udzamva wina akunong'ona kuti njovu zanu zatidyera chimanga, ngati kuti unazibereka ndi iwe. Mbali zonse ziwiri zidzafuna usankhe. Usasankhe. Iwe ndiwe mwana uja ankakhala chete ola lathunthu kuonerera mvuu pamlatho, ndiwenso mwana uja anagona pansanja kumunda kuomba zitini zothamangitsira njovu, n'kulira m'mawa atapeza mapira onse ali pansi. Anzako ochokera ku Lusaka ndi kumigodi ku Kopala adzakhala ndi mitu yabwino, koma sanaonepo nkhokwe itagwetsedwa. Iwe unaiona. Pamsonkhano wina akadzanena kuti anthu akumudzi samva, udzaimirire n'kufotokoza mmene banja limakhalira chaka chimene munda wadyedwa usiku umodzi. Ndipo kumudzi wina akadzati waya ndi wongopezera ndiwo, udzamuuze zimene waya umachita. Kudzakhala kotopetsa, ndipo masiku ena mbali zonse zidzakukwiyira.

Zina ndi zazing'ono. Mudzakhala akazi ochepa pakati pa amuna ambiri. Tsiku loyamba m'tchire adzakupatsa mphika ngati kuti unabadwa nawo. Uphike tsiku lako likakwana, monga aliyense, osati masiku onse. Wina akadzafuna kukunyamulira katundu, uthokoze n'kunyamula wekha, chifukwa katundu wonyamuliridwa amadzakumbutsidwa. Masokosi uziyanika tsiku lililonse. Madzi uzimwa usanamve ludzu. Amayi ako uziwaimbira Loweruka, ndipo usamawauze za mikango.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Lachisanu ndinakuuzani kuti ndikupita ku Mambwe kukafunsa za mbewu ya thonje. Sindinatsike ku Mambwe, ndinapitirira mpaka pa Jumbe. Ndinawapeza amalume ako pakantemba kawo ka m'mbali mwa msewu. Akalamba, Mailesi, ine ndinali ndikuwaonabe m'maganizo ndi tsitsi lakuda. Ndinati, "Mwaswera bwanji, alamu?" Anatembenuka n'kupatsa mayi wina paketi ya mchere. Ndinadikira mpaka mayiyo atachoka. Kenako ndinakhala pansi pafumbi, ndi bondo langa lomweli, makondakitala a minibasi akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Ndinati, "Alamu, nabwera pa maliro a mulamu wanga a Belita. Nachedwa. Pepani."

Minibasi ziwiri zinabwera n'kupita. Kenako anatuluka m'kantemba n'kukhala pa benchi, osandiyang'ana.

"Pa funso ija ya mowa munalembapo chani?"

"Ninalemba kuti iyayi."

"Munali kudziwa kale."

"Ninali kudziwa."

"Manje munafunsiranji?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinkaopa anzanga atatu aja, kuti angadzanene kuti Yotamu wadumpha funso chifukwa ndi achibale. Aka kanali koyamba kunena zimenezi ndi pakamwa panga, ngakhale amayi ako sindinawauzepo. Ndinalira, sindikubisira. A Lazaro sanalire. Sananenenso kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe kuti anene. Anangotsegula botolo la madzi, anamwako, n'kundipatsira.

Nditayamba kunena za iwe anandidula. "Za mwana musanikambire imwe. Ali na pakamwa pake. Apita liti?" Ndinati Lolemba. Anati, "Atsike pano. Sinakambe kuti navomera. Nifuna chabe nimufunse chinthu chimodzi, aniyankhe akuniyang'ana. Tsiku njovu ikazapha munthu wa m'nyumba mwathu, azabwera ngati ndani?"

Ndiye mawa umuuze kondakitala usanakwere kuti ukutsika pa Jumbe. Minibasi za ku Chipata ndi zambiri, udzakwera ina, ndipo basi yako yaikulu yopita kusukulu ndi ya Lachiwiri. Ndikukudziwa, pofika pa Masumba udzakhala utapeza zifukwa zisanu zopitirira, ndipo zonse zidzakhala zomveka. Zanga zinali zomvekanso. Ukafika usakayambe ndi kuwafotokozera za kufunika kwa nyama kapena za alendo obwera ndi ndege, zimenezo amazidziwa kukuposa. Ukawapatse moni, ukakhale pansi, akayambe ndi iwo. Mwina adzakukalipira. Mwina udzakwera minibasi ya masana mawu awo aja asanasinthe, ndipo ukadzatero udzapitebe kusukulu, ntchito ndi yako. Koma udzakhala utaonekera pamaso pawo.

Yankho la funso lawo sindikulembera. Ndikanakhala nalo labwino sindikanakhala pafumbi pa Jumbe ndili ndi imvi. Usakalikonze m'minibasi kuti likamveke bwino, amalume ako amamva msanga mawu okonzeratu. Ukawauze chimene udzachitedi tsiku limenelo, kuyambira potsika galimoto. Ine ndinawayankha zaka makumi awiri zitapita, ndipo a Belita sanamve. Iwe ukawayankhe mawa, akadali pa benchi paja kukudikira.

Ndine atate ako,
Yotamu